Funsani Tiyankhe: Ndege imatenga mphindi zingati kuchoka ku Chileka kutsikira ku Chigwa?

Makalata atatu a mwezi uno achokera ku Chigwa cha Shire, ndipo onse akufunsa za mtunda ndi nthawi ya ulendo wa pandege. Tawafupikitsa pang'ono kuti akwane pa tsamba.

Funso: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale ina kuno ku Ngabu. Sabata yatha kandege kakang'ono kanadutsa pamwamba pa sukulu yathu kakulowera cha ku Nchalo, ndipo ophunzira anga a Fomu 3 anayamba kutsutsana. Ena ankati kuchoka ku Chileka kukatera ku Nchalo ndi mphindi 5 zokha, pamene ena ankati ndi ola lathunthu poti pa minibasi timatha maola awiri. Ndinawalonjeza yankho lokhala ndi manambala. Kodi mtunda wake ndi wautali bwanji, nanga kukafika ku Nsanje? Ndine Mphunzitsi, Ngabu.

Yankho: Zikomo aphunzitsi chifukwa chosatseka mkangano wa anawo ndi mawu akuti "ndanena ine". Magulu onse awiri aphonya. Kuchoka pa bwalo la ndege la Chileka kukafika pa bwalo la ku Nchalo, mzere wowongoka ndi wa makilomita pafupifupi 65, ndipo ndege yaing'ono ya injini imodzi imatenga mphindi pafupifupi 25 kuyambira pamene yayamba kugudubuzika mpaka pamene yaima. Ku Bangula ndi makilomita pafupifupi 100, pamene ku Nsanje ndi pafupifupi 140, ulendo wa mphindi 40 kapena 45 pa ndege yomweyo.

Manambala amenewa anawo angathe kuwapeza okha, ndipo ndi bwino kuti atero kusiyana ndi kungokhulupirira magazini. Bwalo la Chileka lili pa madigiri 15 ndi mphindi 41 kumwera kwa ikweta, ndipo Nchalo ali pa madigiri 16 ndi mphindi 16. Mphindi tikunena panozi si za pawotchi ayi, koma ndi magawo 60 amene digiri imodzi imagawidwa. Gawo limodzi lotere, tikamayeza kuchoka kumpoto kupita kumwera, ndi makilomita 1.852, ndipo umenewu ndiwo muyeso umene oyendetsa ndege ndi sitima za pamadzi amagwiritsa ntchito, wotchedwa mailosi a panyanja. Pakati pa malo awiriwa pali magawo 35, ndipo popeza Nchalo ali pafupifupi kumwera kwenikweni kwa Chileka, tikachulukitsa 35 ndi 1.852 tipeza makilomita 65. Za ku Nsanje zimafuna kulingalira pang'ono chifukwa bomalo lili cha kumwera komanso lapendekera kum'mawa: makilomita pafupifupi 138 kumwera ndi 30 kum'mawa. Mwana wa Fomu 3 amene anamva bwino lamulo la Pythagoras apeza yekha kuti mbali yaitali ya chojambula cha makona atatu chimene mitunda iwiriyi ikupanga ndi makilomita 141. Apa jogalafe ndi masamu zakumana, ndipo mwina ndi mwayi woitana aphunzitsi anzanu a masamu kuti tsiku limenelo muphunzitse limodzi.

Mukatero tengani mapu, rula ndi ulusi. Rula ayeze njira ya ndege, ulusi utsate msewu m'makona ake onse, kenaka muuwongole. Galimoto yochoka ku Chileka iyenera kulowa kaye mu mzinda wa Blantyre, kutenga msewu wa M1, kutsika zitunda mpaka pa Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Dyeratu ndi Bereu, ndiye kufika pa Nchalo, ndipo ulusiwo ukupatsani makilomita pafupifupi 90. Muona kuti kusiyana kwa mtunda si kwakukulu monga momwe anthu amaganizira, ndi makilomita 25 okha. Chimene chimadya nthawi pamsewu ndi chitunda chija, pakuti mzinda wa Blantyre uli pa mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere pamene pansi pa Chigwa sipafika ndi mamita 100 omwe. Dalaivala amatsika phiri lonselo ali pa giya yaing'ono, mabuleki akununkha, ndipo akafika kunsi minibasi imaimanso pa siteji iliyonse kudikira kuti idzaze.

Tsopano tibwere pa liwiro. Ndege yaing'ono yonga Cessna 206, imene imanyamula anthu 6 kuwerengera ndi woyendetsa yemwe, imauluka makilomita pafupifupi 240 pa ola ikakhazikika m'mwamba, kutanthauza makilomita 4 pa mphindi iliyonse. Tikagawa 65 ndi 4 tipeza mphindi 16, ndiye wophunzira wochenjera afunsa kuti mphindi zina 8 kapena 9 zija zapita kuti. Zapita pansi ndi m'mbali mwa ulendo. Ndege imayenda pang'onopang'ono kuchoka pamene inaima kukafika kumapeto a msewu wake wonyamukira, woyendetsa amayesa injini, amadikira chilolezo kwa oyang'anira bwalo, ndipo amanyamuka moyang'anana ndi mphepo ngakhale mphepoyo ikuchokera mbali imene iye sakupita, ndiye amakhota pambuyo pake. Pokwera, liwiro limakhala lochepa kuposa la pakati pa ulendo. Pofika pa bwalo laling'ono la kumudzi, woyendetsa wanzeru satera msanga: amayamba wazungulira pamwamba kuti aone kansalu kosonyeza mphepo, ndiponso kuti atsimikize kuti pabwalopo palibe ng'ombe, mbuzi kapena wakabaza amene wadulira pomwepo. Ku Chigwa, kumene ng'ombe ndi chuma cha pafupifupi mudzi uliwonse, kuzungulira kumeneku si mwambo chabe.

Mfundo imene tikufuna kuti anawo aigwiritsitse ndi yakuti mphindi zoonjezera zimenezi sizisintha, kaya ulendo ndi waufupi kaya ndi wautali. Ku Nchalo ndi 16 kuphatikiza 9, zimene zikupereka 25. Ku Nsanje ndi 35 kuphatikiza 9 zomwezo, zimene zikupereka 44. Mtunda wa ku Nsanje ndi woposa kawiri wa ku Nchalo, koma nthawi yake siifika kawiri. N'chifukwa chake pa mabwalo awiri oyandikana ndege imaoneka ngati yaulesi, ndipo phindu lake lenileni limayamba kuoneka mtunda ukamatalika.

Palinso mphepo, imene woyenda pamsewu saiwerengera koma wa m'mwamba sangainyozere. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mwera umaomba kuchokera kumwera cha kum'mawa, komwe ndi kumene ndege ya ku Nsanje imaloza mphuno yake. Tiyerekeze kuti mwerawo ukuthamanga makilomita 40 pa ola. Popita ku Nsanje, ndege ija idzayenda makilomita 200 okha pa ola poyerekeza ndi nthaka, ndipo makilomita 140 adzatenga mphindi 42 m'malo mwa 35. Pobwerera mphepo idzaikankha kumbuyo, liwiro lidzakhala 280, ndipo idzatenga mphindi 30. Muwafunse anawo ngati zimene ndege inataya popita yazibweza pobwera. Ambiri adzati inde, koma 42 ndi 30 ndi 72, pamene tsiku lopanda mphepo ndi 70. Mphepo yolimbana nayo imakhala nawe nthawi yaitali kuposa yokuthandiza, choncho pa ulendo wopita ndi kubwera imakhala yakudyera ndithu.

Nyengo yomweyo ndiyo ya chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza imene imakuta mapiri a Thyolo ndi Blantyre pamene pa Nchalo dzuwa likuwala bwinobwino. Bwalo la Chileka lili pa mamita pafupifupi 780, ndipo ndege yochokera ku Chigwa iyenera kukwera kupitirira zitunda zonse za pakatipo isanaganize zotera. Woyendetsa ndege yaing'ono amene akudalira maso ake sangalowe mu nkhungu imene yabisa mapiri, choncho amakhala pansi kudikira kuti kuyere, ndipo ulendo wa mphindi 25 ungathe kudya m'mawa wonse. Wa ku Nsanje ali ndi chinanso choti asamale: kuyambira pa Chiromo kupita kumwera, mtsinje wa Shire ndiwo malire a dziko lino ndi Mozambique, ndipo mzere wowongoka uja umayenda moyandikana kwambiri ndi malirewo, kotero kuti kupatuka pang'ono kum'mawa ndi kulowa m'mlengalenga mwa eni ake popanda chilolezo.

Chomaliza, muwauze anawo kuti asayambe kusunga ndalama ya tikiti. Palibe ndege ya anthu onse yokhala ndi ndandanda imene imatera ku Nchalo, ku Bangula kapena ku Nsanje. Bwalo la ku Nchalo ndi la kampani ya shuga, imene akuluakulu ambiri amaitchulabe kuti Sucoma ngakhale kuti Illovo inatenga minda ndi fakitaleyo mu 1997, ndipo amene amatera m'mabwalo amenewa ndi ndege zahayala, za makampani, za boma ndi za mabungwe othandiza anthu.

Funso: Akonzi, ine ndimagulitsa zitenje pa msika wa Nchalo. Mwana wanga wamkazi amakhala ku Area 25 ku Lilongwe ndipo masiku ake ayandikira, ndiye akufuna kundigulira tikiti ya ndege yochokera ku Chileka kuti ndikafike msanga. Iye akuti ulendowo ndi wa mphindi 45, koma alamu anga akuti ndege imathamanga makilomita oposa 600 pa ola, choncho ndi mphindi 20 basi. Akunama ndani? Nanga ndikanyamuka kuno m'mamawa, nsima ya masana ndikadyera ku Lilongwe? Ndine Mayi wa pa Nchalo.

Yankho: Mayi, tiyambe ndi kukufunirani zabwino zonse pa mlendo amene mukumuyembekezayo. Palibe amene akunama pa awiriwo, kungoti alamu anu awerengera gawo la pakati lokha la ulendo. Kuchoka ku Chileka kukafika pa bwalo la Kamuzu, limene lili ku Lumbadzi kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, mzere wowongoka ndi wa makilomita pafupifupi 245. Kampani ya Malawi Airlines, imene inayamba kuuluka mu 2014 ndipo eni ake ndi boma la Malawi pamodzi ndi Ethiopian Airlines, yakhala ikugwiritsa ntchito pa njira imeneyi ndege ya mtundu wa Q400, ya mapulopela awiri, komanso Boeing 737. Q400 ingathe kuthamanga makilomita pafupifupi 660 pa ola, amene ndi makilomita 11 pa mphindi, ndipo tikagawa 245 ndi 11 tipeza mphindi 22. Masamu a alamu anu ndi amenewo, ndipo papepala ndi olondola.

Vuto ndi lakuti pa mtunda waufupi chonchi ndege siikhalitsa pa liwiro limenelo. Imatha mphindi zingapo ikukwera, ndipo isanapume n'komwe imayamba kutsika, chifukwa ndege yonyamula anthu siigwa ngati mphamba wogwira mwanapiye, koma imatsetsereka pang'onopang'ono. Oyendetsa amawerengera kuti pa mamita 300 aliwonse otsika pamafunika mtunda wa makilomita 5 ndi theka, choncho ndege imene yakwera mamita 5,000 pamwamba pa bwalo iyenera kuyamba kutsika kutatsala makilomita 90, ndipo ikamayandikira imachepetsanso liwiro kwambiri. Tionjezerepo kuti nthawi yolembedwa pa tikiti imayambira pamene ndege yasuntha pamalo ake oimikira mpaka pamene yaima kumene ikupita, osati nthawi ya m'mwamba yokha. Zonsezi zikaphatikizidwa zimafika pa mphindi 40 kapena kupitirirapo, ndipo mwana wanu wanena zoona.

Funso lanu la nsima ndilo lofunika kwambiri, chifukwa inu simukhala pa Chileka ndipo mwana wanu sakhala pa Lumbadzi. Tiyeni tiwerenge kuyambira pakhomo panu. Minibasi ya pa Nchalo kukafika mu Blantyre tiipatse maola awiri, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ife kuti tsiku lina imapitirira pamenepo. Kuchoka mu tauni kukafika ku Chileka, makilomita pafupifupi 16, ndi theka la ola ngati msewu sunadzaze. Pabwalo muyenera kufika ola limodzi kapena kuposerapo ndege isananyamuke, monga momwe tikiti yanu idzanenere, kuti akuyezereni katundu ndi kukusechani. Ndiye pakubwera mphindi 45 zija, kenaka theka la ola lodikira katundu ndi kutuluka, ndi theka linanso la pamsewu kukafika ku Area 25, ndipo apa muli ndi mwayi chifukwa dera limeneli lili mbali ya kubwalo komweko, simudzafunika kudutsa pakati pa mzinda. Zonse pamodzi ndi maola 5 ndi mphindi 15, ndipo mwa maola amenewa nthawi yokhala mu ndege siifika ndi ola limodzi lomwe.

Pa basi, kuchoka mu Blantyre kudzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza ndi makilomita pafupifupi 310, ulendo wa maola 4 ndi theka kapena 5 pa basi yosaimaima. Mukaonjezera maola awiri a minibasi, kudikira pa depoti ndi kulumikiza ku Area 25, mupeza maola 7 ndi theka kapena 8. Ndege ikupulumutsirani maola awiri kapena atatu, osati tsiku lonse monga momwe mphindi 45 zija zimamvekera m'khutu. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo pa ulendo uwu mawuwo ali ndi tanthauzo lenileni: basi ikakusiyani mumakwera ina, koma ndege ikakusiyani chifukwa minibasi inaphulika tayala pa chitunda, mungathe kudikira mpaka mawa ndi kulipiranso ndalama yosinthira tikiti.

Maganizo athu ndi awa. Ngati mwana wanu wagula tikiti ya ndege ya m'mawa, musayese kunyamuka pa Nchalo tsiku lomwelo, koma mukagone kwa abale mu Blantyre dzulo lake, ndipo mukatero nsima ya masana mukadyeradi ku Area 25. Ngati ndegeyo ndi ya masana, nyamukani kunja kusanache ndipo mudzipatse ola lapadera. Musaiwale chiphaso chanu cha unzika, ndipo dzina la pa tikiti lifanane ndi la pachiphasopo. Za katundu mufunsiretu kulemera kumene tikitiyo ikulola, pakuti tikudziwa kuti mayi wa ku Chigwa sapita kwa mwana wake woyembekezera chimanjamanja, ndipo thumba la mpunga, nyemba ndi milamba youma limene kondakitala wa basi angalikankhire pansi pa mpando, ku bwalo la ndege limakwera sikelo. Zolemerazo ndi bwino kuzitumiza pa basi. Makutu akatsekeka potsika muzimeza malovu, ndipo ngati mwapeza mpando wa pawindo muyang'ane pansi patangopita mphindi zochepa chinyamukireni: mudzaona Shire yemweyo wa kwanu, ali kumtunda kwake asanatsike mathithi kubwera ku Chikwawa.

Funso: Akonzi, ine ndine wachikulire wa kuno ku Makhanga. Madzi akasefukira timaona helikopita ikubweretsa ufa ndi mankhwala kuchokera tsidya la Bangula. Imafika mosakhalitsa, koma imanyamula matumba owerengeka n'kubwereranso kangapo. Bwanji osangonyamula zambiri kamodzi kuchokera ku Blantyre? Ndine Gogo, Makhanga.

Yankho: Agogo, mwafunsa chinthu chimene munachiona ndi maso anu, pakuti mu Januwale 2015 komanso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 dera lanu, limene lili pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, linadulidwa kotheratu. Kuchoka pa Bangula kufika pa Makhanga m'mwamba ndi makilomita pafupifupi 10 okha, ndipo helikopita youluka makilomita 200 pa ola imadutsa mtunda umenewo pa mphindi 3, kapena tinene 6 mpaka 8 tikawerengera kudzuka ndi kutera. Koma lole imene singathe kuwoloka pa Mtayamoyo, pa msewu wa pakati pa Bangula ndi Makhanga, iyenera kubwerera kumpoto mpaka pa Thabwa, n'kutsikanso ndi msewu wa tsidya la kum'mawa kudzera ku Fatima, ulendo wa makilomita oposa 150 pa msewu umene nawonso umakhala utaduka pa mitsinje yochokera m'mapiri a Thyolo. M'dziko muno ndi malo ochepa pamene njira ya m'mwamba ndi ya pansi zimasiyana chotere.

Chifukwa chosanyamulira zonse ku Blantyre ndi mafuta. Helikopita ili ndi malire a kulemera kumene ingadzuke nako, ndipo malire amenewo amawerengera zonse: anthu, katundu ndi mafuta omwe. Kuchoka ku Chileka kufika kwanu ndi makilomita pafupifupi 100, theka la ola popita ndi theka lina pobwerera, ndipo mafuta a ola lonselo, pamodzi ndi ena osungira pangozi, amatenga malo a matumba a ufa. Akabweretsa katunduyo pa malole ndi msewu wa M1 mpaka pa Bangula, helikopita imathira mafuta ochepa, imanyamula matumba ambiri, ndipo pa ola limene ikanapanga ulendo umodzi wa ku Blantyre imapanga maulendo angapo odumpha mtsinje.

Kutentha kwa ku Chigwa nako kumachepetsa matumbawo. Mpweya wotentha ndi wopepuka, ndipo mapiko ozungulira aja sapeza pogwira mokwanira. Tsiku limene kwatentha kufika madigiri 40, monga zimakhalira mu Okutobala ndi Novembala, mpweya wa pa Bangula umakhala wopyapyala ngati wa pamalo okwera mamita pafupifupi 1,000, kukwera kwa mzinda wa Blantyre, ngakhale kuti helikopitayo yaima m'mbali mwa Shire. Nyengo ya mvula kutentha kumatsikako, koma chinyezi chimachita zomwezo pang'ono. Ndiye ngati munaona kuti ulendo wa m'mamawa umabwera ndi matumba ambiri kuposa wa masana, si kuti ena anasowa panjira ayi, koma woyendetsa anayang'ana kutentha kwa ola limenelo n'kuuza onyamula kuti alekere pomwepo.